Kumaliza mayeso sikokwanira kuti mulandire digiri

Funso: Ndatsala ndi semesita imodzi. Kodi dzina langa lilowa lokha pamndandanda wa olandira digiri? Nanga distinction imabwera bwanji?

Yankho: M'mayunivesite ambiri sililowa lokha. Mumadzaza fomu ku ofesi ya registrar tsiku lotsekera lisanakwane. Musanatero, unikani transcript yanu mzere ndi mzere, chifukwa kosi imodzi yokakamiza ikasowa giredi mudikira mwambo wotsatira. Ngongole ya fizi, ngakhale buku la ku laibulale losabweza, imatsekereza satifiketi. Dzina lifanane ndi la pachitupa.

Distinction simupempha, amaiwerengera pa avereji ya magiredi anu, ndipo malire ake ali m'buku la malamulo la yunivesite yanu. Liwerengeni lero, makamaka zokhudza makosi obwereza, poti kwina amatsitsa avereji kwambiri.