Ndigule makina osokera? Yankho kwa mayi wa ku Area 25

Mayi wina wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe ananditumizira imelo sabata yatha. Ali ndi ana atatu, awiri ali ku pulayimale, ndipo mitengo ya zovala yawafika m'khosi. Alandira kandalama ku banki m'khonde, ndiye akufunsa kuti: "Kodi ndigule makina ndizisokera ana ndekha? Chomwe ndimadziwa ndi kusokerera batani basi."

Amayi, makinawo gulani. Koma ndikuuziretu, mukaganiza zogula nsalu yatsopano kuti musoke shati ya mwana, mupeza kuti ya pa kaunjika ndi yotchipabe. Inde kaunjika wakwera. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo belo imabwera ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazi. Mukukumbuka mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika mumzinda muno ataguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kudandaula mitengo ya mabelo. Vuto ndi loti nsalu nayonso, ulusi, zipi, ngakhale singano zimene, zambiri zimachokera kunja komweko. Mapeto David Whitehead ku Blantyre amapanga nsalu, koma zitenje zambiri zomwe mumaziona ku Old Town ndi zolowa. Dola ikakwera, zonse zimakwerera limodzi.

Ndalama yanu ili pa kukonza. Pitani ku msika wa Tsoka madzulo, mitengo itatsika, musankhe zomwe anzanu azisiya: thalauzi yaikulu m'chiuno, diresi yaitali mopitirira, jekete lakufa zipi. Zimenezi amagulitsa motaya chifukwa palibe akuzifuna, pomwe nsalu yake ndi yolimba bwino. Kunyumba mukachepetsa m'chiuno, mukapinda kunsi, mukasintha zipi, mwana wavala. Shati ya bambo ikatha pa kolala, iphwasuleni kolalayo ndi lezala, muitembenuze, muisokerenso. Iyendanso chaka china. Kabudula wa sukulu amayamba kutha kumbuyo, ndiye chigamba muike mkati asanabooke. Chitenje chofwifwa chimatuluka siketi ya kamtsikana kapena chikwama cha makope. Amayi anga sankataya kansalu ngakhale kakang'ono ngati chikhatho, ankasunga m'chitini cha mabisiketi, ife n'kumawaseka. Lero chitinicho chili kwa ine, ndipo anzanga a kutchalitchi omwe makina awo anasanduka tebulo loikapo maluwa ayamba kuwapukuta fumbi.

Pa makina enieniwo, sakani opalasa ndi phazi, akuda aja a Singer kapena Butterfly, ngakhale ogwirapo kale ntchito. Amagetsi ndi okongola, koma inu mukudziwa mmene magetsi amathimira kuno, komanso mkati mwa ambiri otchipa muli pulasitiki. Achitsulo akale amangofuna mafuta ndi lamba, ndipo amisiri owakonza ndi osasowa. Pokagula tengani kachidutswa ka jinzi ndi kansalu kopyapyala, musoketse zonse ziwiri pomwepo, kenako mutembenuze muone kunsi. Ulusi ukamapanga mfundomfundo kapena kudumpha, afunseni akonze muli pomwepo. Onaninso ngati kachitsulo kolowetsamo bobini (pokulunga ulusi wa pansi) kalipo, chifukwa ena amachotsa. Musapite nokha, mutengane ndi telala amene mumamukhulupirira, mumugulireko fanta.

Ine ndinapita ndekha, podzimva kuchenjera. Makina atafika kunyumba ankangodula ulusi, ndipo ndinatha masabata awiri ndikutukwana amene anandigulitsa. Telala wina wa pakhonde la sitolo ku Kawale atawaona anaseka mpaka misozi: singano ndinaiika chotembenuza. Mbali yake yaphwatalala ili ndi koyang'ana, ndipo mukalakwitsa pamenepo palibe chosokeka.

Za kuphunzira musade nazo nkhawa. Matelala a m'makonde ambiri amavomera kuphunzitsa munthu mukagwirizana kangachepe pamwezi, ndipo kumeneko mumaphunzira pa zovala zenizeni za anthu. Mukadzafuna satifiketi kuti ikhale bizinesi, kuli maphunziro a utelala a pansi pa TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, koma zimenezo n'zamtsogolo. Sabata yoyamba palasani makina opanda ulusi, mukutsata mizere ya pa pepala la kope, mpaka phazi lizolowere osabwerera m'mbuyo. Kenako sokani nsalu ya pilo, chifukwa ndi mizere yowongoka yokhayokha.

Yunifomu ya chaka chino ipititseni kwa telala ndithu, kolala ndi manja si zoyambira. Mungomuuza asiye mpindiro waukulu kunsi ndi nsalu yotsalira m'mbali. Mwana akadzatalika, wophwasula ndi kuonjezera mudzakhala inuyo.