Boma likuchedwa kundilipira, kodi silinakule mopitirira muyeso?

Funso: Ndili ndi shopu ya mapepala ndi zolembera ku Zomba. Ndinapeza oda ya K5.5 miliyoni ku ofesi ina ya boma, n'kukongola K4 miliyoni kwa wakatapila kuti ndipikule katundu. Papita miyezi isanu ndi itatu osandilipira. Bwanji boma osalichepetsa, chuma n'kusiyira ife amalonda?

Yankho: Achimwene, mkangano umenewo ndi wakale. Mu 1987 boma linalola mavenda kugula mbewu kwa alimi mopikisana ndi ADMARC, ndipo kuyambira 1996 linagulitsa makampani ake ambiri. Mu 2005 lomwelo linabwereranso ndi makuponi a feteleza, anthu n'kuomba m'manja. Tonse timafuna boma laling'ono pa tsiku lokhoma msonkho, koma kuchipatala timalifuna lalikulu.

Kukula kwa boma kumene kukukhudzani inu n'kwa ngongole. Likamawononga zoposa zomwe MRA yatolera, limakongola kumabanki athu omwewa kudzera m'ma treasury bills, zikalata zomwe boma limagulitsa polonjeza kubweza ndalamazo ndi chiwongoladzanja. Mu 2024 chiwongoladzanja cha Reserve Bank chinali pa 26 peresenti. Ndiye banki ivutikirenji ndi shopu ya ku Zomba pomwe boma likubwereka zochuluka, mopanda chiopsezo chothawa? N'chifukwa chake munathera kwa wakatapila, ndipo apo m'pamene munadzipha.

Simunanene chiwongoladzanja chake, koma anthu amenewa ndimawadziwa. Tingoti 20 peresenti pamwezi. Ndi K800,000 mwezi uliwonse. Phindu lanu lonse linali K1.5 miliyoni, ndiye linatha mwezi wachiwiri usanathe. Pano chiwongoladzanja chokha chadutsa K6 miliyoni, kuposa cheke chomwe mukudikiracho. Wakatapila sawerenga zoti fandingi sinabwere kuchokera ku Capital Hill. Iye amabwera pa 30 ndi anyamata awiri, maso ali pa fotokope yanu.

Pitani kwa iye sabata ino, mugwirizane ndalama imodzi yotsekera ngongole, mulemberane pamaso pa mboni. Gulitsani chilichonse chogulitsika, ngakhale njinga yamoto ija amayendera mlamu wanu ulere. Kenako sonkhanitsani LPO (chikalata cha oda chomwe ofesiyo inakupatsani), invoisi ndi delivery note yodindidwa, mulembe kalata kwa mkulu wa ofesiyo, kope lanu adindenso. Zoimba foni kwa "munthu wanu wa mkati" musiye.

Oda ya boma ikadzabweranso, itengeni pokhapokha ngati ndalama zake ndi zanuzanu, zoti mungazidikire chaka chathunthu shopu osatseka.