Nyimbo za rock zimakalamba limodzi ndi eni ake: yankho kwa mwana wa mdala wokonda magitala

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Blantyre. Akuti bambo awo, omwe adutsa zaka 70, anakulira pa zimbale za The Rolling Stones, Deep Purple ndi Led Zeppelin. Tsiku lina anawatsegulira YouTube kuti aone magulu omwewa akuimba atakalamba, koma mdalayo anangopukusa mutu nati, "Si zija ayi." Funso la mayiwa ndi lakuti: asintha ndi oimbawo, kapena ndi makutu a bambo?

Zikomo mayi. Bambo sakunama. Zasintha zonse ziwiri, ndipo mbali ya oimbayo mukhoza kuiyeza nokha pakhomo.

Tiyambire pakhosi. Nyimbo zambiri za rock zinapekedwa ndi anyamata a zaka za m'ma 20, ndipo ankaziika dala pamwamba penipeni pomwe mawu awo ankalekezera, chifukwa ukali wa chamba chimenechi umachokera pa kukuwa komweko. Munthu akamakula timinofu ta m'kholingo timapyapyala n'kuuma, mpweya wa m'mapapo nawo umachepa, ndiye manotsi apamwamba ndi amene amayamba kuthawa. Mankhwala ake ndi kutsitsa kiyi, kutanthauza kuimba nyimbo yonse pa manotsi otsikirapo. Led Zeppelin itakumananso ku O2 Arena ku London mu December 2007, woimba wake Robert Plant ali ndi zaka 59, nyimbo zina anazitsitsa kuti mawu ake akwanemo.

Kutsitsako si nkhani yongosuntha zala. Pa kiyibodi n'kosavuta, pali batani lake. Pa gitala, zidutswa zambiri zodziwika za rock zimadalira nsambo zolira popanda kuzidina, choncho woimba amamasula nsambo zonse zisanu ndi imodzi kuti zala zikhale pomwe zinazolowera. Nsambo yaikulu, yomwe imachunidwa pa E ndipo imanjenjemera ka 82 pa sekondi, ikatsitsidwa sitepe yathunthu imafika pa D, ka 73. Vuto lake n'lakuti nsambo yomasulidwa imalobodoka: imagunda zitsulo za pakhosi pa gitala, ndipo ukaikhwatcha mwamphamvu notsi imayamba yakwera kenako n'kutsika. Odziwa amachotsa nsambo zopyapyala za .009 kapena .010 n'kuika zonenepa za .011, kenako n'kukonzanso khosi la gitalayo. Ngakhale atero, kamvekedwe kamakhala kolemera ndi kakuda, kuthwa kuja kumachepa. Khutu la munthu amene wamva chimbale chimodzi kwa zaka 50 limazindikira msanga, ngakhale mwini wake sadziwa kuti kiyi n'chiyani.

Yesani izi. Ikani pa foni kapulogalamu kochunira gitala, taulere tilipo tambiri. Lizani pa wailesi kapena kompyuta nyimbo ya pa chimbale choyamba, muyandikize foni pa notsi yomwe ikukoka nthawi yaitali, mulembe chilembo chomwe chaoneka. Chitaninso chimodzimodzi ndi vidiyo yatsopano. Ngati poyamba panali A tsopano pali G, atsitsa sitepe yathunthu. Mukatero yang'anani pomwe pali kukuwa kwenikweni: nthawi zambiri mudzaona woimba akulozetsa maikolofoni ku khamu la anthu, kapena atsikana oimba kumbuyo akunyamula notsiyo. Ine sindiona chinyengo pamenepo. Chomvetsa chisoni ndi woimba wokakamira kiyi yakale n'kumasasa mawu nyimbo yachitatu isanathe.

Ng'oma nazo zimadya thupi. Phil Collins, katswiri wa ng'oma, anamaliza ndi gulu lake la Genesis mu March 2022 akuimba chokhala pampando, ng'oma akuwomba mwana wake Nic. Naye woimba wa gulu la Black Sabbath, Ozzy Osbourne, anatsanzika ku Villa Park ku Birmingham pa 5 July 2025 atakhalanso pansi chifukwa cha matenda a Parkinson, ndipo anamwalira mwezi womwewo. Charlie Watts wa Stones anatisiya mu 2021, ndipo wowomba ng'oma akasintha, kayendedwe ka gulu lonse kamasintha.

Tsopano makutu a bambo. Ukalamba umayamba kulanda mawu opyapyala, ndipo phokoso limawononga makamaka cha pa 4,000 Hz (mawu onjenjemera ka 4,000 pa sekondi). Chigawo chimenecho n'chomwe muli kuluma kwa gitala yamagetsi, kuphulika kwa mbale zachitsulo za pa ng'oma, ndi zilembo monga s ndi t m'mawu a woimba. Zikasowa, nyimbo imamveka ngati ikuchokera kuseri kwa chitseko. Akatswiri a zamakutu amati phokoso la madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) munthu asalipitirize maola 8, ndipo likakwera ndi 3 nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 100 zimatsala mphindi 15 basi, pomwe shoo ya rock imafika pamenepo n'kupitirira. Oimba eni akewo ndiwo anavulala kwambiri: Brian Johnson wa AC/DC anasiyira ulendo wa gululo panjira mu 2016 madokotala atamuchenjeza kuti agontha.

Omvera nawo akalamba, ndipo amalonda anazindikira kalekale. Anthu amagwiritsitsa nyimbo zomwe anazimva ali achinyamata, choncho magulu akalewa amadzaza shoo ndi nyimbo za zaka zawo khumi zoyambirira, zatsopano n'kungoponyamo ziwiri kapena zitatu. Ulendo wa Stones wa ku America mu 2024 unathandizidwa ndi AARP, bungwe la anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo. Chamba chomwe chinkaopseza makolo, lero chikuitanira anthu ku bungwe la opuma pantchito!

Koma si paliponse pomwe zayenda chonchi. Ku Zambia, rock ya kumeneko ya m'ma 1970, yotchedwa Zamrock, sinapatsidwe mpata wokalamba ndi anthu ake. Mtengo wa kopa utagwa chuma chinalowa pansi, mashoo anachepa, kenako Edzi inatenga oimba ambiri. Paul Ngozi, mmodzi mwa akatswiri a Zamrock, anamwalira mu 1989. Pa mamembala oyamba a gulu lotchuka la WITCH anatsala Emmanuel "Jagari" Chanda yekha, ndipo anakakhala wokumba miyala yamtengo wapatali. Kampani ya Now-Again Records ya ku America itatsindikizanso zimbale zawo, gululo linadzuka, linatulutsa chimbale chatsopano mu 2023, ndipo omwe amadzaza mashoo ake ku Ulaya ndi ku America ambiri ndi amsinkhu wa zidzukulu zake.

Za bambo, chitani zitatu izi. Musawamvetsere pa sipika ya foni, chifukwa kasipika kameneko sikatulutsa besi. Lumikizani ku wailesi yaikulu kapena muwapatse mahedifoni ophimba khutu lonse. Kwezani treble (mawu opyapyala) pang'ono, voliyumu muisiye pakati. Ndipo pofufuza pa YouTube lembani dzina la gulu pamodzi ndi chaka, monga 1972, kuti mupeze mashoo a nthawi yomwe iwo ankawadziwa. Akamadandaulabe kuti ngakhale zimbale zakalezo zikumveka mogontha, kapena kuti m'makutu mukulira mluzu, apite akayezedwe makutu ku chipatala.