Achimwene, khadi la sizoni lisiyeni, anyamata a pageti muwasiyenso

Achimwene, funso lanu ndaliona m'mawa uno, usiku foni inali yozima. Mwati timu yanu ya ku Lusaka ikugulitsa khadi lolowera masewera onse a pakhomo sizoni ino, ndiye mukufunsa ngati mugule limenelo, kapena muzingogula matikiti kwa anthu ogulitsanso mukapezeka mu Lusaka kokaoda katundu. Ndaona ena akuyankhani kale kuti sapota weniweni amayenda ndi khadi m'thumba. Amene akunena zimenezo muwafunse kumene amakhala. Ambiri ndi a ku Kabwata ndi ku Chilenje, minibasi imodzi afika pabwalo. Inu mumakhala ku Kapata, kuno ku Chipata.

Ine ndikuti khadilo musagule. Koma musaganize kuti ndikukutumizani kwa anyamata ogulitsa matikiti panja pa geti. Zinthu ziwirizi mwaziika pa sikelo imodzi ngati kuti ukasiya china uyenera kutola chinzake, chikhalirecho sizikumana n'komwe.

Taonani. Ligi yathu yaikulu ya mu Zambia ili ndi matimu 18. Timu iliyonse imasewera masewera 34, a pakhomo ndi 17. Khadi la sizoni limagula amenewo. Tsopano kumbukirani masewera a ligi amene munaonerapo mu Lusaka, kaya ku Nkoloma, ku Sunset, ku Woodlands kapena ku Edwin Imboela. Ndi liti anakubwezani pageti kuti malo atha? Ine ndinakhala mu Lusaka zaka zisanu ndi ziwiri ndisanabwerere kuno kumudzi, ndipo sizinandichitikirepo ngakhale kamodzi. Umafika 14 koloko, umalipira pageti, umalowa, umasankha wekha pokhala, mwina mpaka kuyala manyuzipepala pa mipando iwiri. Pamasewera otere wogulitsanso matikiti alibe msika. Angagule tikiti kuti akagulitse ndani, pamene zenera la ogulitsa enieni lili pomwepo ndipo mzere wake ndi wa anthu khumi?

Anyamata aja amatulukira tsiku limene dziko lonse likufuna kulowa geti limodzi. Mukumbukire pa 12 Marichi 2017, anyamata athu a Under-20 atagonjetsa Senegal 2-0 mu fainolo ya chikho cha Africa ku bwalo la Heroes mu Lusaka, mwana wa kuno Fashion Sakala ali m'timu imeneyo. Kapena mu Juni 2023, timu ya dziko, Chipolopolo, itakwapula Ivory Coast 3-0 ku Levy Mwanawasa ku Ndola. Masiku ngati amenewo ndi amene tikiti imasanduka golide. Koma masewera amenewo si a timu yanu, ndi a FAZ, bungwe la mpira mu Zambia, kapena a CAF, bungwe la mpira mu Africa, ndipo khadi la kalabu silikulowetsani. Ngakhale masewera a Absa Cup, kapena timu yanu ikapita ku CAF, musangoganiza kuti khadi likugwira. Mufunse ku ofesi ya timu, akulembereni. Safunsa anadya phula.

Ndiye mwaona pamene pali vuto. Khadi limakupatsani malo tsiku limene malo ali mbwee. Tsiku limene malo asowa, khadi lili phee m'chikwama. Masewera a ligi amene ndikudziwa kuti anthu amapanikizana zenizeni ndi a ku Kitwe, Nkana ikakumana ndi Power Dynamos, koma inu timu yanu si ya ku Kitwe.

Ndikudziwa kumene maganizo a khadi akuchokera. Tonse timaonera mpira wa ku England pa TV ndipo timamva za season ticket. Kumeneko nkhani ndi ina. Premier League ili ndi matimu 20, masewera a pakhomo 19, ndipo mabwalo amadzaza sabata ndi sabata. Ku Old Trafford, bwalo la Manchester United, kumalowa anthu oposa 70,000 koma malo amathabe. Matimu ngati Arsenal ndi Liverpool anthu amalembetsa maina n'kudikira zaka kuti apeze khadi. Munthu wa kumeneko akagula khadi wagula mpando umene ena akuulirira, ndipo tsiku limene sapita amatha kuubweza ku kalabu kuti iugulitse kwa sapota wina mwa njira yovomerezeka. Zogulitsana matikiti a mpira pamsewu popanda chilolezo cha kalabu anaziletsa ndi lamulo mu 1994. Ife tangotengera dzina la chinthucho, koma chimene chimachipatsa mtengo kumeneko, kusowa kwa mipando, kuno kulibe. Kuno khadi ndi kuchotseredwa mtengo basi, ndipo kuchotseredwako kumakupindulira ukamapezeka pabwalo pafupifupi nthawi zonse.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, inu muikepo mitengo yeniyeni. Tinene kuti ku open wing, mbali yopanda denga, pageti ndi K50. Masewera 17 ndi K850. Tinene kuti khadi akugulitsa K600. Kuti ndalama yanu ibwerere muyenera kuonera masewera 12, ndipo phindu limayamba pa a nambala 13. Mukaonera asanu okha, ndiye kuti aliwonse mwalipira K120, pamene mnzanu wokhala naye benchi imodzi walipira K50.

Tsono tsitsani kalendala ija ya pakhoma, tiwerenge Loweruka ndi Lamlungu amene ali anu enieni. Kale ligi inkayamba cha mu Marichi n'kutha kumapeto kwa chaka, koma kuyambira mu 2019 anaisintha, tsopano imayamba mu Ogasiti n'kutha cha mu Meyi. Kwa munthu wa kuno kum'mawa zimenezo zikutanthauza kuti mpira ndi munda zimayendera limodzi. Loweruka lomaliza la Ogasiti ndi Kulamba ku Mkaika, ndipo inu sindinakuonenipo mutajomba. Okutobala ndi Novembala ndalama zonse zili pa mbewu ndi feteleza. Mvula ikagwa mukubzala. Disembala ndi mwezi umene shopu yanu imagulitsa, simungatseke Loweruka. Januwale ndi kupalira, kuthira feteleza wachiwiri, ndi mafizi a ana. Loweruka lomaliza la Febuluwale tonse tili ku Mtenguleni ku Nc'wala. Epulo ndi Meyi, pamene ligi ikufika pokoma, inu muli kukumba nshawa ndi kukolola. Sindinawerengeko maliro, amene sapangana ndi munthu, kapena maukwati ndi zilanga mulilo zimene alamu adzakuuzani kuti simungazithawe. Mutsala ndi masiku angati? Mukapeza oposa asanu ndi limodzi mundiuze.

Komanso ndandanda ya masewera si mwala. Amasuntha. Timu ina ikakhala ku CAF masewera amaimitsidwa n'kudzaikidwa Lachitatu masana. Chipolopolo ikamasewera ligi imapuma. A TV nawo amatha kufuna kuti masewera a Loweruka apite Lamlungu. Wa ku Libala zimenezi sizimupweteka, amangopempha kuchoka msanga kuntchito. Inu muli makilomita pafupifupi 570 kuchokera pabwalopo.

Ulendowo tonse timaudziwa. Kudzuka nkhuku zisanalire, basi ya 05 koloko, Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, kukhotakhota kwa m'mapiri, kutsika pang'ono pa Luangwa kugula nsomba zouma, kenaka Chongwe, n'kulowa mu siteshoni ya mabasi ya Intercity dzuwa litapendeka. Masewera ambiri amayamba 15 koloko. Basi ikangochedwa pang'ono, kaya tayala, kaya lole yagona pamsewu, mufika anthu akubwerera kuchokera ku hafu taimu. Mukatuluka 17 koloko kulibenso zobwerera, mugona komweko. Basi yopita ndi yobwera, chakudya, pogona, zonsezo zimaposa mtengo wa tikiti kangapo. Ndiye pa ulendo wa mpira wa munthu wa ku Chipata tikiti ndi kandalama kakang'ono kwambiri, ndipo ndi kameneko kamene khadi likufuna kukupulumutsirani. Choipa china, mukakhala ndi khadi mtima umayamba kukuvutani kuti ndinalipira kale, ndiyenera kupita, n'kumapanga maulendo amene bizinesi sinakutumeni.

Za anyamata a pageti ndili nazo zanga zondichitikira, ndipo mpaka lero alamu anga amandiseka nazo. Anali masewera aakulu a dziko. Tinanyalanyaza kugula matikiti masiku amene ankagulitsidwa, tikuti tikaonera komweko. Tafika, anthu ali ngati nyerere, apolisi a pa akavalo akubweza gulu. Kunabwera mnyamata wovala bwino ndithu, kachikwama kakang'ono kumsana, matikiti atawamanga ndi kalabala. Anandiyandikira n'kunong'ona, "Big man, yatsala iwiri chabe." Mtengo wake unali katatu wa umene unalembedwa papepalapo. Ndinanenerera pang'ono, anachotsako, ine n'kumadziona ngati wochenjera. Tinaima pamzere pafupifupi ola lathunthu, dzuwa lili phwee, tikiti ndaifumbata m'manja. Nditafika kutsogolo, bambo woona matikiti anaitenga, anaiyang'ana padzuwa, kenaka anaipukuta ndi chala. Inki inachoka n'kumudetsa chala. Thukuta la m'manja mwanga linali litaiyamba kale. Anangoti, "Mdala, iyi ndi fotokope," n'kundikankhira pambali kuti wina adutse. Kumbaliko ndinapezako anthu ena asanu ndi awiri, ndipo titayerekeza mapepala athu, anayi tinali ndi nambala imodzi.

Mpirawo tinakaonera m'kabala kena chapafupi, pa TV yopachika pamwamba pa furiji. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti chigoli chikalowa tinkayamba kumva mkokomo wa m'bwalo kudzera pazenera, ndipo pa TV chinkaoneka patapita kamphindi. Ndiye kuti ndinalipira katatu kuti anthu amene ndinayenera kukhala nawo azindiuza zigoli.

Masiku ano chinyengocho chasamukira pafoni. Munthu amaika pa Facebook kuti ali ndi matikiti otsala, mumutumizira ndalama pa mobile money, iye akutumizirani chithunzi cha tikiti yokhala ndi kachizindikiro kojambulitsa pamakina. Chithunzi chomwecho watumizira anthu ena khumi. Woyamba kufika pageti alowa, enanu makina akukanani, ndipo nambala ija mukaiimbira yazima. Sindikunena kuti aliyense wogulitsanso ndi wakuba. Pali munthu amene anagula ndithu, kenaka mwana wadwala. Wotere ngati mukumudziwa nkhope ndi kwawo, ndipo akukupatsani pa mtengo umene unalembedwa, tengani, palibe cholakwa. Koma mlendo amene wakweza mtengo ndipo akukufulumizitsani kuti ena akuifuna, musiyeni ena akewo aigule.

Khadi lingakhale ndi nzeru kwa inu pa njira imodzi yokha imene ndikuiona. Muli ndi mng'ono wanu uja wa ku Mtendere amene naye ndi wa timu yomweyo. Funsani ngati khadilo limalola kuti wina alowere, kapena analembapo dzina ndi chithunzi. Ngati limalola, sonkhani awiri, lizikhala kwa iye, inu muzilitenga mukabwera. Pamenepo masewera 17 aja adyedwa pafupifupi onse. Ngati silimalola, nkhani yatha. Mufunsenso kuti ndi la mbali iti, open wing kapena grandstand, chifukwa nthawi ya mvula denga ndi chinthu, ndiponso ngati likugwirabe ntchito masewera a pakhomo akawasamutsira ku bwalo lina.

Ena anena kuti khadi ndi njira yothandizira timu, ndipo pamenepo sindikutsutsa. Kalabu imasangalala kulandira ndalama zonse sizoni isanayambe. Ngati mtima wanu uli pamenepo, gulani, koma mudziwe kuti mwapereka chopereka, musamadzawerengenso kuti ndaonera angati. Kapena gulani jezi yeniyeni ku shopu ya timu m'malo mwa zija za pa City Market, ndalama ipita komweko ndipo inu mutsala ndi chovala. Ya pageti nayo imalowa ku mpira. Imene simafika kulikonse ndi yapamwamba ija mumapatsa mnyamata wa kachikwama.

Ine mmene ndimachitira ndi motere. Ndandanda ikatuluka ndimasankha masewera atatu kapena anayi amene ndikuwafunadi, ndimawalumikiza ndi ulendo wa maoda. Ndimanyamuka Lachisanu, Loweruka m'mawa ndimamaliza za ku Kamwala, katundu ndamusiya kwa a basi, masana ndili pabwalo, ndalipira pageti, Lamlungu ndili m'njira. Tsiku loti ndinyamuke ndimayamba ndatsimikiza pa tsamba la timu kuti masewera sanasunthe. Akakhala a Chipolopolo, tsiku lomwe FAZ yalengeza kumene matikiti akugulitsidwa ndimatumiza ndalama kwa m'bale wa ku Lusaka kapena ku Ndola kuti akagule tsiku loyamba, andijambulire ali nayo m'manja, ndipo tikiti ya basi ndimagula pambuyo pake. Akakhala a ku Ndola muonjezere makilomita ena oposa 300 kuchokera mu Lusaka, ndiye ulendo ndi wa masiku atatu osachepera. Masabata otsalawo njala ya mpira ndimaithetsera pa David Kaunda Stadium pompano, kokwera njinga, ndipo 18 koloko ndili pakhomo nsima isanazizire.

Ndandanda ya timu yanu ikatuluka muiponye pagulu pano tisankhe tsiku limodzi tipitire limodzi, ndikuona kuti enanso awiri atatu akufuna. Mpando wa kuzenera ndi wanga, nthochi za pa Nyimba mugula ndinu.