Mwana akuti mbiri ya akuda a ku America sitikhudza ife, ndimuuze chani?

Imelo iyi ndaiwerenga ndili pa break kuntchito, tiyi mpaka anazizira ine ndili duu kuyang'ana foni. Mayi wina wa kumudzi yemwe amakhala ku Indiana akuti mwana wawo wa zaka 16 anabwera kusukulu nkumati akuda a kuno atapatsidwa voti ukapolo utatha analephera kuyendetsa boma ndiye nchifukwa chake anawachotsa, ndipo iwo atati atsutse mwana anangoti "aaa amayi, ife ndi aMalawi, za anthu amenewa sizitikhudza." Akufunsa kuti amuuze chani, komanso akaonane ndi aphunzitsi kapena angozisiya.

Mayi, mawu a mwana wanuwo ine ndinawalankhulapo ndi pakamwa panga pomwe pano, ndili munthu wamkulu wa ndevu, ndiye musamukalipire kwambiri.

Ndinafika kuno 2004. Achimwene omwe anandilandira pa eyapoti tisanafike ndi kunyumba komwe anali atandilangiza kale kuti akuda a kuno uziwapewa, ndi aulesi, amangodandaula za ukapolo wakalekale. Ine ndinameza zonse osatafuna. Ntchito ndinaipeza ija ambirife timayambira, yosamalira okalamba, mashifiti a usiku mpaka maso kufiira. Kunali gogo wina wochokera ku Mississippi, wamakani kwabasi, chakudya chikachepa mchere nyumba yonse imadziwa. Tsiku la chisankho cha 2008 anandidzutsa ndi belu m'ma 5 koloko kuti ndimutulutsire diresi ya kutchalitchi ndi chipewa, mdzukulu akubwera kudzamutenga. Ine ndi tulo tanga ndinati gogo, mwendo ukupweteka chonchi mukuvutikira voti imodzi? Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako nkundiuza kuti iye anayamba kuvota ali ndi zaka 36. Anapitako katatu kukalembetsa, ulendo uliwonse kalaliki wachizungu amamupatsa ndime ya malamulo oyendetsera Mississippi kuti awerenge ndi kufotokoza tanthauzo lake, ndipo wogamula kuti wakhoza kapena walephera anali kalaliki yemweyo. Ulendo wachiwiri mwamuna wake anachotsedwa ntchito sabata yomweyo. Ine mmalo mokhala chete ndinati kwathu ku Africa zimenezo kunalibe. Gogo anangoti "oh really?" nkupitiriza kukonza chipewa.

Ndinapita kunyumba mmawa umenewo tulo osabwera, chifukwa ndinakumbukira amayi anga pa 14 June 1993. Anadzuka kusanache, chitenje chatsopano, kukaima pamzere wa referendamu, nyali kapena tambala wakuda, ndipo pobwera amangoyankhula monong'ona ngati khoma lili ndi makutu. Nawonso anali ndi zaka za m'ma 30 ndipo kanali koyamba kuti voti yawo ikhale ndi chosankha chenicheni. Ndiye ine ndimati kwathu kunalibe chani kwenikweni? Ndinakumbukiranso zomwe tinkaloweza ku pulayimale, zoti Livingstone ndiye anatulukira nyanja mu 1859, ngati kuti agogo athu usipa ankaupha pamtunda. Mayina a Chipembere ndi Kanyama Chiume tinkawamva ngati a zigawenga basi, osauzidwa kuti anthuwa anali nduna mu boma lomwelo mpaka mkangano wa 1964. Mwana wa nthawi imeneyo sankanama akamayankha mayeso, amangobweza zomwe anapatsidwa. Chimodzimodzi wanuyo.

Ndipo apa ndiye pomwe ndimapsa mtima, chifukwa bodza lomwe mwana wanu wabwera nalo si kulakwitsa wamba ayi, linapangidwa dala ndipo linali ndi ntchito yake. Ukafuna kumulanda munthu voti umayamba wauza dziko kuti pomwe anali nayo anaononga zinthu. Basi. Bodza ndi kulanda voti zinayendera limodzi ngati mphika ndi chivindikiro.

Zoti mwana adziwe

Nkhondo yapachiweniweni inatha 1865, ukapolo nkuthetsedwa chaka chomwecho, ndipo mu 1870 malamulo a dziko anasinthidwa kuti mwamuna asaletsedwe kuvota chifukwa cha khungu. Chaka chomwecho akuda awiri analowa mu Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse: Hiram Revels mu Senate kuimira Mississippi, Joseph Rainey mu House kuimira South Carolina. Robert Smalls, yemwe mu 1862 ali kapolo anathawitsa sitima ya pamadzi ya asilikali a kummwera kuchoka padoko la Charleston atanyamula banja lake ndi anzake, anadzakhalanso phungu ku Washington. Akuda pafupifupi 2,000 anakhala pa maudindo osiyanasiyana nthawi imeneyo, ndipo maboma omwe akuti analepherawo ndi omwe anayambitsa sukulu za boma za ana onse mmadera ambiri a kummwera, za ana a azungu osauka zomwe. Katangale analipo, eee, koma analiponso ku New York komwe kumalamula azungu okhaokha ndipo palibe anati azungu alandidwe voti.

Anawachotsa ndi mfuti. Ku Colfax, Louisiana, mu 1873 akuda ambirimbiri anaphedwa pa khoti pa mkangano wa chisankho, ambiri mwa iwo atagonja kale, koma chikwangwani chomwe chinaima pamalopo zaka zambiri chinkati chinali chipolowe chomwe chinathetsa ulamuliro woipa, ndipo chachotsedwa posachedwapa mu 2021. Tangoganizani, 2021! Asilikali a boma lalikulu atasiya kuteteza maboma amenewa mu 1877 kunabwera msonkho wovotera ndi mayeso aja gogo ananena, Mississippi inayamba mu 1890 ena nkutsatira. Ku Louisiana akuda olembetsa kuvota anali oposa 130,000 mu 1896, pofika 1904 anatsala 1,342. Mwana wanu amadziwa masamu, mufunseni ngati anthu 130,000 angangotopa ndi kuvota onse pakamodzi.

Ndiye pali Wilmington, North Carolina, pa 10 November 1898, pomwe gulu la azungu a mfuti linaotcha ofesi ya nyuzipepala ya akuda, kupha anthu mmisewu, nkukakamiza akuluakulu a mzinda osankhidwa ndi anthu kuti atule pansi maudindo. Kulanda boma masanasana, koma mabuku kwa zaka zambiri amangoti chipolowe cha mitundu. Tsono mayi imvani apa, nthawi imeneyo John Chilembwe anali ku America konkuno. Anabwera 1897 ndi Joseph Booth, nkukaphunzira ku koleji ya akuda a Baptist ku Lynchburg, Virginia, yomwe imachita malire ndi North Carolina yomweyo, nabwerera kumudzi 1900 kukatsegula PIM ku Mbombwe, Chiradzulu. Omwe anamuthandiza ndi ndalama anali akuda a kuno, ndipo Landon Cheek ndi Emma Delaney omwe anapita kukagwira naye ntchito ku Chiradzulu anali akuda a kuno. Ndiye munthu yemwe nkhope yake ili pa ndalama zathu, yemwe timapumira holide pa 15 January, anasulidwa ndi "anthu amenewa" omwe mwana akuti satikhudza. Ine izi ndinazidziwa ndili ndi zaka 30 ndipo mpaka pano zimandinyansa kuti kusukulu anangotiuza za mutu wa William Livingstone wa ku Magomero uja, yemwe anthu a Chilembwe anamudula, basi, zinazi osatchula.

Kunena za zopotoza, ngakhale Rosa Parks amamuchepetsa. Amati anali mayi wotopa yemwe anangokhala pa basi mu 1955. Mayiyu anali mlembi wa NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa akuda, ku Montgomery kuyambira 1943, anakanizidwa kulembetsa voti kawiri nkudzatheka kachitatu mu 1945, ndipo anthu anayenda wapansi masiku 381 akunyanyala mabasi, zomwe sizingatheke popanda misonkhano, makomiti, zopereka, galimoto zonyamulana. Ukachotsa zonsezi mwana amakula akuganiza kuti zinthu zimasintha mwangozi kapena ndi munthu mmodzi wapadera, ndiye iye adzavutikiranji kupita ku msonkhano.

Ndinene ndithu ngakhale ena andida. AMalawi ndi anzathu ena a ku Africa omwe timanyoza akuda a kuno tikutukwana ng'ona tili pakati pa mtsinje. Anthu oguba kufuna ufulu wovota anamenyedwa pa mlatho wa Edmund Pettus ku Selma pa 7 March 1965, mmodzi wa atsogoleri awo John Lewis mpaka kuswedwa mutu, lamulo loteteza voti linasainidwa August chaka chomwecho, ndipo October yemweyo pulezidenti anasainanso lina lothetsa lamulo lakale lolowera mdziko lomwe linkakondera a ku Ulaya. Mukuganiza kuti zinangochitika mwamwayi chaka chimodzi? Khomo lomwe ine ndi inu tinalowera analitsegula ndi anthu ngati gogo uja. Ndipo wapolisi akaimitsa mwana wanu usiku sadzafunsa kuti kwanu ndi ku Ntcheu kapena ku Alabama. Achimwene aja anandilandira tinakangana nkhani imeneyi pa Khrisimasi mpaka alamu anachita kutulutsa nsima msanga kuti titseke pakamwa, mpaka lero tikakumana timangokamba za mpira. Gogo anamwalira 2011, chaka chomwe ndinalumbira kukhala nzika, ndipo sindinamuuze kuti ndinalakwa. Ndimati ndimuuza mawa.

Za aphunzitsi, mayi, musathamangire kukakalipa. Yambani mwaona buku kapena notsi, mwina aphunzitsi amafotokoza zomwe anthu ankanena kale mwana nkumva theka, ana a zaka 16 mukuwadziwa. Ngati zalembedwadi choncho lembani imelo yaulemu, tchulani Wilmington ndi manambala a Louisiana aja, pemphani kukumana. Zikakanika pitani ku msonkhano wa bodi ya sukulu, ndi wotsegukira aliyense ndipo amapereka mphindi zingapo zoyankhula, mwanayo mumutenge akaone kuti omwe amavomereza mabuku ndi anthu wamba omwe mmadera ambiri amachita kusankhidwa, nthawi zina ndi mavoti ochepa zedi. Ngati muli ndi green card chabe chonde musalembetse kuvota ngakhale wina akupatseni fomu, zimenezo zitha kukuthamangitsani mdziko, koma kuyankhula pa msonkhano palibe angakuletseni. Mwanayo ngati anabadwira kuno zaka ziwiri zikubwerazi avota. Za Chilembwe muuzeni pa nsima madzulo ano, mundilembere kuti wati chani.