Kwa achimwene amene akuopa kubwerera chimanjamanja

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kubwerera ku Chamama pamene ntchito yatha ku Joni, lendi yakukanikani, ndipo mulibe ngakhale bulangete loti mukawapatse amayi. Mwatinso simukudziwa ngati kumeneko kukadali kwanu.

Ambiri muno akutchulirani za mwana wolowerera. Ine ayi, pakuti inu simunamwaze chuma cha munthu. Nkhani yanu ndi ya Naomi. Anachoka ku Betelehemu pothawa njala, chonsecho dzina la mudziwo limatanthauza nyumba ya mkate. Ku Moabu anakhalako zaka ngati 10, n'kuikako maliro atatu, a mwamuna wake ndi a ana ake aamuna awiri. Tsiku lobwerera, Rute 1:19 ikuti mudzi wonse unatekeseka, azimayi n'kumafunsana ngati analidi Naomi yemwe uja. Ndiye asakunamizeni kuti sadzakunenani. Adzanena ndithu. Pamjigo adzawerenga zikwama zimene mwatsika nazo, ena mwa owerengawo ali ovala yunifolomu ya mpingo.

Koma taonani zimene Naomi anachita. Sanabwereke nsalu yoti akaonekere. Anawauza poyera kuti anapita wodzala, wabwera wopanda kanthu, ndipo azimutchula Mara chifukwa mtima unali kuwawa. Mulungu sanamudzudzule pa mawu amenewo, n'zimene zimandigwira mtima ine.

Ndinaona zofanana ndi maso anga pa njala ya 2002, imene inatikantha koopsa kuno ku Kasungu. Malume anga anali tenanti pa esiteti ina ya fodya. Bwana anasiya kupereka chimanga, malipiro n'kumati adikire fodya akagulitsidwe. Malume anatulukira mu Febuluwale wapansi, miyendo itatupa, atanyamula jumbo ya zovala basi. Ife tinali pa phala la madeya kamodzi patsiku. Agogo atawaona pa mtunda sanafunse za ndalama. Anangoti, "Wafika?" Kenaka anatunga madzi ndi chikho n'kuonjezera mumphika. Phala linasanduka madzi enieni, ndipo kunena zoona ine ndinakwiya, ndinali mwana. Malume anamwa ali chete, misozi ikugwera m'mbale. Panopa ndi iwowo amene amasunga manda a agogo ndi kulima munda wawo.

Sindikuti kumudzi zinthu zili bwino. Feteleza wakwera kwambiri chitsikireni kwacha mu Novembala 2023, mvulanso yake ndi iyi yosadalirika. Mukavutika. Kungoti kumeneko mukavutika pali anthu odziwa dzina lanu laubwana.

Naomi anafika poyambira pa kukolola barele, mpongozi wake Rute n'kupeza pokunkha. Inunso yang'anani nyengo. Ngati mwatsimikiza, fikani mu Okutobala anthu akusosa, mugwire khasu limodzi ndi abale mvula isanagwe. Amayi muwaimbire sabata ino, muwauze zonse monga zilili, asamvere kwa ena. Za bulangetelo musawatchulire n'komwe, muone ngati iwo afunse.