Mafunso a Owerenga: Kodi Nyimbo ya Mkango Wogona Inachokera Kuti?

FUNSO: Akonzi, pakhomo pathu pabuka mtsutso umene talephera kuuthetsa tokha. Ana anga amakonda kuimba nyimbo ya "The Lion Sleeps Tonight" ndipo amati ndi ya m'kanema wa The Lion King, koma bambo anga, amene tsopano ndi achikulire, akuti ankaimva pa wailesi ali mnyamata, kanemayo asanaganiziridwe n'komwe. Kodi akunena zoona ndani, nanga zimatheka bwanji kuti nyimbo imodzi ikondedwe ndi agogo ndi adzukulu omwe?
Mayi wa ana atatu

YANKHO: Mayi, pa mtsutso umenewu agogo ndiwo akunena zoona, ndipo nyimboyi ndi yakale kuposa mmene iwonso angaganizire. Kanema wa The Lion King anatuluka mu 1994, nyimbo ya Chingelezi imene iwo akuikumbukira inatuluka mu 1961, koma muzu wake ndi nyimbo ya Chizulu yotchedwa "Mbube", imene inajambulidwa ku Johannesburg mu 1939. Amene anaipeka ndi Solomon Linda, dzina limene ambiri mwa anthu oimba nyimboyi sanalimvepo.

Linda anabadwa mu 1909 kumidzi ya ku Natal, chigawo chimene masiku ano chimatchedwa KwaZulu-Natal, ndipo monga anyamata ambiri a nthawi imeneyo anapita ku Johannesburg kukafuna ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Amuna amene anasiya mabanja kumudzi ankakhala m'nyumba zogonamo antchito, ndipo chisangalalo chawo chachikulu chinali mipikisano ya makwaya ya Loweruka usiku, pamene magulu a amuna ovala masuti ankaimba popanda zida mpaka mbandakucha. Linda ankatsogolera gulu lotchedwa Evening Birds, ndipo chimene chinkalisiyanitsa ndi anzake chinali kagawidwe ka mawu: amuna angapo ankagunda besi pamodzi, ena ankadzaza pakati, pamene iye mwini, bambo wamtali ndithu, ankakwera pamwamba pa onsewo ndi liwu laling'ono lomveka ngati la mkazi.

Mu 1939 gululi linalowa mu situdiyo ya kampani ya Gallo, litaonedwa ndi Griffith Motsieloa, amene ntchito yake inali yosaka oimba aluso. Masiku amenewo kunalibe zodula kapena kulumikiza mawu, moti nyimbo inkajambulidwa yonse nthawi imodzi ndipo ikalakwika ankayambiranso pachiyambi. Malinga ndi mtolankhani Rian Malan, amene anaifufuza nkhaniyi mozama, maulendo awiri oyamba sanakome, ndipo panali paulendo wachitatu, nyimbo ikuyandikira kumapeto, pamene Linda anatulutsa kamzere ka maimbidwe kopanda mawu enieni, kamene kanangomubwerera pomwepo. Kamzere kameneko ndi kamene ana anu akuimba lero. Ndikukulimbikitsani kuti mufufuze chimbale choyambiriracho pa intaneti ndi kuchimvetsera pamodzi ndi agogo: mudzamva kusokosera kwa chimbale chakale cha galamafoni, mudzamva mabesi akubwereza mawu amodzimodzi molemera, ndipo patatsala masekondi ochepa kuti nyimbo ithe, liwu la pamwamba lija lidzatembenuka mwadzidzidzi n'kuimba chinthu chimene mwakhala mukuchidziwa moyo wanu wonse.

Chimbalecho chinayenda malonda kwambiri. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 chinali chitagulidwa pafupifupi makope 100,000, ndipo maimbidwe onse a makwaya a amuna a mtundu umenewo anayamba kutchedwa mbube, dzina lachizulu la mkango. Maimbidwe ofatsa a isicathamiya, amene gulu la Ladysmith Black Mambazo linadzatchuka nawo padziko lonse, anaphuka kuchokera m'banja lomwelo.

Ulendo wa ku America unayamba pamene katswiri wosonkhanitsa nyimbo za makolo, Alan Lomax, anapatsa mnzake, woimba Pete Seeger, chimbale cha Linda. Seeger sankadziwa Chizulu, choncho mawu akuti "uyimbube" amene mabesi ankabwereza anawamva ngati "wimoweh", ndipo gulu lake la The Weavers linajambula nyimboyo ndi dzina limenelo, n'kutchuka nayo mu 1952. Pa chimbale chawo dzina la Linda silinalembedwe. Panalembedwa dzina longopeka la Paul Campbell, limene gululo linkagwiritsa ntchito pa nyimbo zimene linkaziona ngati za makolo, zopanda mwini. Apa m'pamene panayambira vuto limene linadzavutitsa banja la Linda kwa zaka zoposa 50, chifukwa nyimbo ya munthu wamoyo, wokhala ndi mkazi ndi ana, inatengedwa ngati chinthu chotola m'njira.

Mu 1961 anyamata a ku Brooklyn, mu mzinda wa New York, otchedwa The Tokens, anaimba "Wimoweh" pamaso pa Hugo Peretti ndi Luigi Creatore a kampani ya RCA Victor. Awiriwo anaitana wolemba nyimbo George David Weiss, amene anatenga kamzere ka Linda kaja n'kukasandutsa mutu wa nyimbo yonse, n'kuikapo mawu a Chingelezi onena za mkango umene wagona pafupi ndi mudzi wabata, ndi za kutonthoza wokondedwa kuti asaope. Jay Siegel ndiye anaimba liwu la pamwamba, ndipo woimba wamkazi Anita Darian anakwera kuposa pamenepo. Nyimboyi inaikidwa kuseri kwa chimbale cha nyimbo ina yotchedwa "Tina", kusonyeza kuti eni ake sankaiyembekezera zambiri, koma oulutsa mawu pa wailesi anachitembenuza chimbalecho, ndipo mu Disembala 1961 inakhala nambala wani pa mndandanda wa Billboard wa nyimbo zotchuka ku America, n'kukhalapo masabata atatu. Imeneyi, kapena ina mwa zotsatira zake, ndiyo imene bambo anu ankaimva.

Tsopano tibwere ku funso lanu lachiwiri, limene kwa ine ndilo lofunika kwambiri. Yankho lapafupi n'lakuti m'badwo uliwonse wakhala ukupatsidwa nyimboyi mwatsopano. Robert John anaijambulanso ndipo inafika pa nambala 3 ku America mu 1972. Gulu la Tight Fit linaifikitsa pa nambala wani ku Britain mu 1982. Mu 1994 Timon ndi Pumbaa anaiimba m'kanema uja wa The Lion King wa kampani ya Disney, umene unasandukanso sewero la pa siteji ku Broadway mu 1997 ndi kupangidwanso mu 2019. Palibe angakane kuti makampani akuluakulu athandiza kuti isaiwalike. Komabe sindikhulupirira kuti ndalama zokha zikanatha kuchita zimenezi, pakuti makampani omwewo akankhapo nyimbo zambirimbiri zimene lero palibe akuzikumbukira.

Mphamvu yeniyeni ili m'kamangidwe kamene Linda ndi anzake anabwera nako kuchokera ku mipikisano ya usiku ija. Nyimboyi inapangidwira anthu oimba pamodzi opanda chida chilichonse, ndipo aliyense amapezamo malo ake. Wa liwu lalikulu amagwira besi, imene ndi timawu tochepa tobwerezabwereza toti mwana wa zaka zitatu angathe kutigwira atatimva kawiri. Wa liwu laling'ono amakwera pamwamba. Amene sadziwa kuimba amaomba m'manja kapena kugogoda tebulo, ndipo nyimbo imamveka yathunthu. Woimba gitala amangofunika makodi atatu obwera mozungulira. Kukoma kwake kuli pa kusiyana kwa zigawo ziwirizi: pansi pamakhala phata losasuntha, loyenda mofanana ngati kusinja kwa amayi awiri pa mtondo umodzi, pamene pamwamba liwu limauluka momasuka, kuchedwa pang'ono apa, kukwera pang'ono apo. Khutu la munthu limapumira pa besiyo uku likudikira kuti liwu la pamwamba lichita chiyani. Tikawonjeza kuti gawo lalikulu la nyimboyi silifuna kudziwa chilankhulo chilichonse, timvetsa chifukwa chake inatha kuoloka nyanja osataya kanthu, ngakhale mawu ake atamvedwa molakwika.

Mawu a Chingelezi aja anathandiza m'njira imodzi yofunika, chifukwa anaisandutsa nyimbo yogonekera mwana, ndipo nyimbo zotere zimadutsa kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana popanda wailesi. Koma ndiyenera kunena kuti si mawuwo amene anaipatsa moyo. Amaika mkango m'nkhalango yowirira, pamene mkango umakhala m'tchire la udzu, chinthu chimene Linda, amene anakulira kubusa ng'ombe, sakanalakwitsa. Anthu akamaing'ung'udza m'njira saing'ung'udza mawu a Weiss koma kamzere ka Linda, ndipo ndi chifukwa chake ndimaona kuti aliyense wokonda nyimboyi ayenera kulidziwa dzina la bambo ameneyu.

FUNSO: Ndinamva kuti amene anapeka nyimboyi anamwalira ali wosauka, pamene ena analemera nayo. Kodi zimenezi n'zoona, ndipo banja lake linalandirapo kanthu?
Mphunzitsi wa nyimbo

YANKHO: Aphunzitsi, n'zoona, ndipo ndi nkhani yopweteka mtima. Zimanenedwa kawirikawiri kuti Linda analandira masheleni 10 okha pa kujambula kuja, umwini wa nyimbo n'kupita ku kampani, monga zinkachitikira oimba akuda ambiri ku South Africa masiku amenewo. Iye anagwira ntchito yolongedza zimbale ku kampani ya Gallo yomweyo, ndipo anamwalira ndi matenda a impso mu 1962, pasanathe chaka kuchokera pamene nyimbo yake inakhala nambala wani ku America. Banja lake linalibe ndalama zogulira mwala wa pamanda, moti unadzaikidwa patapita zaka 18. Pete Seeger ankanena kuti atadziwa za Linda anapempha kuti gawo lake la ndalama lizitumizidwa kwa iye, ndipo ndalama zina zinkafikadi ku banjalo, koma zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene nyimboyo inkabweretsa.

Zinthu zinayamba kusintha mu 2000, pamene Rian Malan analemba nkhani yaitali m'magazini ya Rolling Stone yolondola ulendo wonse wa nyimboyi, n'kuyerekeza kuti inali itabweretsa madola pafupifupi 15 miliyoni. Mu 2002 François Verster anatulutsa kanema wofotokoza nkhani yomweyo wotchedwa A Lion's Trail, ndipo anthu a ku South Africa anayamba kufunsa mafunso. Chimene chinatsegula khomo la bwalo la milandu chinali lamulo lakale la Britain la mu 1911 loteteza umwini wa zopekapeka, limene linkagwiranso ntchito ku South Africa pa nthawi imene Linda ankagulitsa nyimbo yake. Lamulolo linkati ngakhale wopeka atagulitsa umwini wake, umwiniwo umabwerera kwa olowa m'malo mwake pakapita zaka 25 iye atamwalira. Loya Owen Dean anaona kuti, powerengera kuchokera mu 1962, umwini wa "Mbube" unayenera kubwerera ku banja la Linda mu 1987, ndipo kuti aliyense amene anagwiritsa ntchito nyimboyo ku South Africa chitadutsa chaka chimenecho anafunika chilolezo cha banjalo.

Mu 2004 mlandu unatsegulidwa ku South Africa wotsutsa kampani ya Disney, ndipo ankapempha ndalama zokwana marandi pafupifupi 10 miliyoni. Popeza kampaniyo ndi ya ku America, maloya anapempha bwalo kuti ligwire zizindikiro zake zamalonda zolembetsedwa ku South Africa, kuti mlanduwo uthe kuzengedwa kumeneko. Mlandu sunafike pa chigamulo, chifukwa mu Febuluwale 2006 mbali zonse zinagwirizana kunja kwa bwalo. Kampani ya Abilene Music, imene inali ndi umwini wa "The Lion Sleeps Tonight" ndipo ndiyo inapereka chilolezo kwa Disney, inavomera kulipira ndalama za m'mbuyo ndi gawo la za m'tsogolo, kudzera m'thumba loyang'aniridwa ndi matrasti, ndiponso kuti Linda azitchulidwa ngati mmodzi mwa opeka nyimboyo. Kuchuluka kwa ndalamazo kunasungidwa mwachinsinsi. Kanema wa Netflix wa mu 2019 wotchedwa The Lion's Share anabwereranso ku nkhaniyi ndipo anaonetsa kuti ana a Linda sanakhutire ndi zimene zinafika m'manja mwawo, choncho sindinganene kuti bala linapoleratu.

Poti ndinu mphunzitsi, pempho langa n'lakuti mukamaphunzitsa ana nyimboyi muziyamba ndi chimbale cha mu 1939, kenako cha The Weavers, n'kumalizira ndi cha The Tokens, kuti adzimvere okha chimene chinasintha ndi chimene chinatsala. Mungawonjezepo "Mbube" ya Miriam Makeba, imene ili pa chimbale chake cha mu 1960, ndi ya Ladysmith Black Mambazo imene imamveka koyambirira kwa kanema wa Coming to America wa mu 1988, chifukwa ziwirizi zili pafupi kwambiri ndi mmene Evening Birds ankaiimbira. Mukatero muwagawe anawo m'magulu, ena besi, ena pakati, mmodzi pamwamba, ndipo pa bolodi mulembe dzina la Solomon Linda pamalo a wopeka.